Mwala wa Pamsewu Udikira Mwana Wofunsa

Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo ndipo mphepo ya kunyanja itaima ngati yatopa, ndinatsika basi pa boma la Mangochi pamodzi ndi mdzukulu wanga wamkazi wa zaka 11, tili pa ulendo wokaona abale kutsidya kwa Shire. Tisanafike pa mlatho, pamene misewu ikumana, mwanayo anaima chilili nakweza maso ku nsanja yanjerwa imene ili ndi wotchi pamwamba pake, ndipo atayang'ananso mfuti yaikulu yachitsulo imene idakhazikidwa pafupi nayo, anandikoka malaya nati, "Agogo, chimenechi n'chiyani?" Mumthunzi wa nsanjayo munali anyamata a kabaza atatsamira njinga zawo, ndi amayi awiri atayala usipa m'malichero, ndipo mmodzi wa anyamatawo, atamva funsolo, anandiyang'ana mwaulemu nati, "Madala, ifetu timangodziwa kuti ndi wotchi ya azungu. Zolembazo n'zachingerezi."

Pamenepo ndinatula chikwama pansi ndi kuyamba kumufotokozera mwanayo, anyamata aja akusendera pang'onopang'ono, kuti pamalo amodzi omwewo pagona nkhani zitatu. Nsanjayo idamangidwa m'chaka cha 1903, malowa akutchedwa Fort Johnston, pokumbukira Mfumukazi Victoria ya ku Mangalande, imene idamwalira mu 1901 isanapondepo dziko lino. Mfutiyo idachokera m'sitima yankhondo yotchedwa Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 idaoloka nyanja nikawombera sitima ya Majeremani, Hermann von Wissmann, ili pamtunda poikonza ku doko la Sphinxhaven, kumene lero ndi Liuli m'dziko la Tanzania. Ndipo olemba mbiri amawerenga chochitikacho pakati pa kumenyana koyambirira kwa pamadzi m'nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Koma chimene chinamugwira mtima mwanayo chinali chachitatu, chochepa pa zonsezo, ndicho chikumbutso cha anthu 145 amene adamira pa 30 Julaye 1946, pamene sitima ya Vipya idatembenuzika m'mafunde a mwera kunsi kwa mapiri a Livingstonia. Iye anakhala chete kanthawi, kenaka anafunsa motsitsa mawu kuti, "Nanga anali ayani, agogo? Munalinso ana?"

Funso limenelo mwala sungaliyankhe pawokha, ndipo lakhala likunditsata m'maulendo anga onse kuyambira tsiku limenelo. Akuluakulu adati ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Ndipo ine ndaona kuti mwambi umenewu ndiwo lamulo lonse la zipilala ndi zikwangwani za mbiri zimene zaima m'mbali mwa misewu yathu, pakuti ngakhale chipilala chitalike kufika kumitambo, ngakhale mawu ake azokotedwe pamkuwa wonyezimira, ntchito yake sikwanira kufikira tsiku limene papezeka mwana wofunsa ndi mkulu woyankha.

Mwambo umene tidaupeza kale

Asatinamize munthu kuti kuika chizindikiro pamalo a mbiri kudabwera ndi sitima za azungu. Makolo athu, ngakhale sadali ndi zilembo, adalemba dziko lawo ndi mitengo, miyala ndi mayina. Aliyense amene wayendapo m'chigawo chapakati m'nyengo yachilimwe adziwa kuti akaona kansitu kobiriwira katatsala kokha pakati pa minda yopanda mtengo, pamenepo ndi pamanda, ndipo palibe nkhwangwa imene iloledwa kulowamo. Patsinde pa mtengo wa msolo pankaima kachisi wothirirapo nsembe ya mvula. Ku Dzalanyama kuli Kaphirintiwa, kumene Achewa amati pathanthwe padadindika mapazi a anthu oyamba ndi a nyama. Ku Nsanje kuli nkhalango ya Khulubvi, yosungira dzina la Mbona. Ndipo m'mapanga a ku Chongoni ku Dedza, malo 127 amene bungwe la UNESCO lidawalandira mu 2006 ngati chuma cha dziko lonse lapansi, muli zojambula zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa, zimene zinkaphunzitsa anamwali mwambo. Ngakhale Mwala wa Mphini, umene waima m'mbali mwa njira ya ku Cape Maclear, ndipo akatswiri amati mizere yake idadza ndi mvula ndi dzuwa la zaka zosawerengeka, anthu adaupatsa dzina lochokera pa nkhope za amayi awo, kuti woyenda asaupitirire ngati mwala wamba.

Chinsinsi cha zizindikiro zonsezi chidali chimodzi: chilichonse chidali ndi mwini wake wochilankhulira. Mwana akaloza kansitu, agogo ake ankamutsitsa chala namuuza amene agona m'menemo. Nzeru yomweyi tiipezanso m'Buku Lopatulika, m'mene timva kuti Aisrayeli ataoloka Yordano, Yoswa adatuma amuna 12 kusenza miyala 12 ya mumtsinjemo ndi kuiimika ku Giligala, cholinga chake chili chakuti idzadzutse funso m'kamwa mwa ana obadwa m'tsogolo, ndi kuti makolo adzakakamizike kusimba. Chotero chipilala cha simenti chimene tichiona lero pambali pa phula ndi mdzukulu chabe wa kachisi ndi wa chiliza, ndipo matenda ake aakulu ndi akuti kawirikawiri tidachimanga popanda kuchisiyira wochilankhulira.

Pansi pa mkuyu wa ku Nkhotakota

Woyenda pa msewu wa m'mbali mwa nyanja akapatuka pa boma la Nkhotakota ndi kutsikira cha kumishoni ya Anglican, amafika pa mkuyu waukulu umene anthu amautchula ndi dzina la David Livingstone, chifukwa pansi pake ndi pamene akuti adakhala m'chaka cha 1863 nalankhula ndi Jumbe za kuleka malonda a akapolo. Ndidakhalapo pamizu ya mtengowo m'mawa wina, nkhuyu zikugwa chimodzichimodzi pamchenga, ana asukulu akudutsa ndi makope m'manja, ndipo kamphepo kakubweretsa fungo la nsomba zowamba kuchokera kugombe. Ndipo ndidazizwa kuti malo amtendere chotero adaonapo misozi yochuluka motero. Pakuti kuyambira m'zaka za m'ma 1840, pamene Salim bin Abdullah adakhazikika m'dziko la Mfumu Malengachanzi natenga dzina la Jumbe, doko limeneli lidasanduka chipata chimene anthu zikwizikwi, ogwidwa m'midzi ya kumtunda ndi kumangidwa m'magoli, ankakwezedwa m'ngalawa kuoloka nyanja, kuti akayambe ulendo wa miyezi wapansi wopita ku Kilwa, atasenza minyanga ya njovu. Pempho la Livingstone silidamveke tsiku limenelo. Malondawo adapitirira mpaka m'zaka za m'ma 1890, pamene ulamuliro wa a Jumbe udathetsedwa.

Sindinyoza mlendo amene adayenda mtunda wautali nadzudzula choipa. Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo ayenera ulemu wake. Komabe ndikakhala pansi pa mtengowo mtima wanga umafunsa za iwo amene dzina lawo silidamveke: mayi amene adayang'ana m'mbuyo komaliza kumapiri a kwawo ngalawa ikunyamuka, mnyamata amene adafera m'goli asanafike n'kugombe komwe, ndi mafumu a Achewa amene ena adalimbana nawo malondawo pamene ena adagulitsa anansi awo chifukwa cha nsalu ndi onga. Lero zidzukulu za ogwidwa ndi za ogwira zikhalira pamodzi ku Nkhotakota, zikwatirana, zilima mpunga m'dambo limodzi, ena apita kumzikiti ena kutchalitchi. Ndipo chikwangwani choyenera malo otere ndi chimene chinena zoona zonse mofatsa, chosabisa bala ndiponso chosalitosa. Tauni yomweyi isunganso manda a Bishopu Chauncy Maples, amene adamira m'nyanja mu 1895, ndipo ndi komweko kumene chipani cha Malawi Congress chidachitira msonkhano wake waukulu mu 1960, Dr Kamuzu Banda atangotuluka m'ndende. Kotero kuti munthu woyenda wapansi ola limodzi lokha angadutse m'mibadwo itatu ya mbiri yathu, akadapezeka womulozera.

Manda osungidwa ndi manda obisidwa

Kuti tione kusiyana kwa mwala wamoyo ndi mwala wakufa, tiyeni ku Ntcheu. Pafupi ndi msewu waukulu wochokera ku Lilongwe kupita ku Blantyre pali chiliza cha Inkosi Gomani Chikuse, mfumu ya Angoni a kwa Maseko, amene asilikali a atsamunda adamugwira namuombera m'chaka cha 1896. Ndipo Angoni amasimba kuti adakana kuyendetsedwa ali womangidwa ngati kapolo pamaso pa anthu ake, nasankha kufera pomwepo. Malo amenewa sadafe, chifukwa eni ake sadawasiye. Chaka ndi chaka, pa mwambo wa Umhlangano ku Nkolimbo, amafika amuna ovala zikopa ndi nthenga, zishango ndi zibonga zili m'manja, nthaka nigwedezeka ndi mapazi a ngoma, ndipo mwana aliyense amene wafika pamenepo amabwerera kwawo akudziwa amene agona pansi pa chilizacho ndi chimene adafera. Apa ndiye pamene mwala uli ndi pakamwa.

Ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, nkhani idayenda mwina. Mbusa John Chilembwe, amene adapita ku America mu 1897 pamodzi ndi Joseph Booth, naphunzira ku Lynchburg, nabwerera mu 1900 kudzayambitsa Providence Industrial Mission (PIM), adamanga kumeneko tchalitchi chachikulu chanjerwa ndi manja a anthu akuda okhaokha. Ataona nkhanza za thangata m'minda ya azungu ya ku Magomero, ndi kutengedwa kwa anyamata kupita kukafera nkhondo yosawakhudza, adaukira boma usiku wa pa 23 Januwale 1915. Ndipo pofika pa 3 Febuluwale adali ataphedwa cha ku Mulanje. Taonani tsono chimene olamulira adachita: tchalitchi chija adachiphwasula ndi mabomba, ndipo mtembo wake adauika mobisa, m'manda opanda chizindikiro. Adachita zimenezi chifukwa adadziwa bwino lomwe mphamvu ya malo. Adadziwa kuti pamene pali manda odziwika padzabwera anthu, ndipo pamene pabwera anthu padzabadwa mafunso. Ngati wolamulira aopa mwala kotero kuti aubisa, ife eni dziko tiupeputsa bwanji?

Lero ku PIM kuli chipilala, maziko a tchalitchi chakale akuonekabe pafupi ndi chatsopano chimene chidamangidwa Dr Daniel Malikebu atatsegulanso mishoniyo mu 1926, nkhope ya Chilembwe ili pa ndalama zathu, ndipo pa 15 Januwale dziko lonse limapuma pomukumbukira. Koma Chilembwe sadali yekha. Padali John Gray Kufa, Duncan Njilima, David Kaduya, ndi Filipo Chinyama amene adadzutsa anthu ku Ntcheu. Padalinso Mayi Ida Chilembwe, amene adaphunzitsa amayi kusoka ndi kuwerenga, natsala wamasiye m'masiku oopsa aja. Aliyense wa amenewa adali ndi mudzi wake, ndipo pa mudzi uliwonse pamadutsa njira.

Mlandu suola

Zipilala zovuta kwambiri kuimika ndi za mabala amene sadapole. Ku Nkhata Bay, m'mawa wa pa 3 Malichi 1959, Bwanamkubwa Robert Armitage atalengeza kuti dziko lili pa ngozi ndi kulamula kuti atsogoleri a Congress amangidwe, anthu adamva kuti abale awo atsekeredwa m'sitima ya Mpasa padoko, ndipo adakhamukira kumeneko opanda mfuti kukafuna kuti awamasule. Asilikali adawombera m'khamulo. Bungwe la Devlin, limene boma la Britain lidatuma kudzafufuza, lidawerenga anthu 20 ofera pamenepo, pamene eni dera amawerenga 31. Ndipo m'dziko lonse anthu oposa 50 adaphedwa m'masiku amenewo okana chitaganya. Chipilala cha ku Nkhata Bay chimalandira nkhata za maluwa chaka chilichonse pa tsiku la anthu ofera dziko, ndipo n'koyenera kutero. Koma chaka chili ndi masiku 365, ndipo tsiku lotsatira, akuluakulu atabwerera ndi magalimoto awo, amatsala pamenepo ndi msodzi, wogulitsa chinangwa ndi mwana wasukulu, amene ndiwo ayenera kudziwa dzina lililonse la ogona m'manda aja ngati dzina la mbale wawo.

Kumwera, m'boma la Mwanza, pa njira ya ku Thambani kufupi ndi malire a Mozambique, kuli malo amene kwa zaka 11 munthu sankayerekeza kuwatchula mokweza. Kumeneko mu Meyi 1983 kudafera nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa ku Chikwawa David Chiwanga. Ndipo mtundu udauzidwa kuti adachita ngozi ya galimoto pothawa m'dziko. Ulamuliro utasintha mu 1994, bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi Jaji Mtegha lidapeza kuti anthuwo adachita kuphedwa ndi apolisi, galimoto n'kukankhidwira kuphedi kuti ioneke ngati ngozi. Mlandu udalowa m'khoti, ndipo mu Disembala 1995 Dr Banda ndi anzake amene ankazengedwa nawo adapezeka osalakwa. Izi zonse ndi mbiri, ndipo chikumbutso chimene chidaikidwa ku Thambani chiyenera kusamalidwa ndi boma lililonse, la chipani chilichonse, popeza sichili cha chipani. Ndi cha ana amasiye amene adakula osaloledwa kulira atate awo poyera, ndiponso ndi chenjezo kwa aliyense amene adzagwire mphamvu m'dziko muno. Makolo adati mlandu suola. Mtundu umene uimika miyala pa zoipa zimene adauchitira alendo pokha, nubisa zimene udadzichitira wokha, ufanana ndi munthu wosesa pabwalo zinyalala ataunjika kuseri kwa chitseko.

Iwo amene tiwapitirira

Polowa mu Zomba kuchokera ku Blantyre, pafupi ndi Cobbe Barracks, pali nsanja yaitali yokumbukira asilikali a King's African Rifles. Koma nkhondo yoyamba ya dziko lonse ija, imene agogo athu adaitcha ya Chiwaya, sidasenzedwe ndi onyamula mfuti okha. Amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino adalowamo, ndipo ochuluka a iwo adali amtengatenga, otengedwa m'midzi mokakamiza kuti asenze ufa, zipolopolo ndi mahema kupita ku Karonga, kumene kudamenyedwa nkhondo mu Seputembala 1914, ndi kupitirira mpaka m'nkhalango za Tanganyika ndi Mozambique. Ambiri adagwa m'njira ndi njala, kamwazi ndi chibayo, nakwiriridwa pomwe adagwerapo. Mu 2021 bungwe la Commonwealth losamala manda a ofera kunkhondo lidavomera poyera kuti anthu akuda ochuluka sadakumbukiridwe mofanana ndi azungu. Kuvomerako n'kwabwino, koma fumbi ndiwe mwini: misewu imene amtengatenga adapondamo ndi yomweyi tiyendamo lero, ndipo palibe wotiletsa kuimika mwala pa chigono chilichonse chimene akuluakulu a m'midzi akuchikumbukabe.

Alipo malo ena amene chikumbutso chake chidatsala m'dzina lokha. Khamu limene likwera basi pa Wenela mu Blantyre tsiku ndi tsiku limatchula, mosadziwa, dzina la bungwe limene linkalemba amuna ntchito ya kumigodi ya ku Joni, ndipo kudzera m'bungwe limenelo midzi yathu idapeza njinga, malata ndi masuti, idapezanso akazi osiyidwa, matchona ndi chifuwa cha m'migodi, kufikira ngozi ya ndege ya ku Francistown mu 1974, imene idapha Amalawi oposa 70, idachititsa boma kuimitsa ulendowo. Pa mlatho wa Thondwe, pakati pa Zomba ndi Blantyre, minibasi zimadutsa mwaliwiro pamene mu Seputembala 1962 padafera Dunduzu Chisiza, mnyamata wa zaka 32 amene ambiri ankamuona ngati nzeru za dziko lodzabadwalo. Pa Liwonde, pamene kale pankaolotsa pantoni, ndi pamene udathera ulendo woukira boma wa Masauko Chipembere ndi anthu ake mu Febuluwale 1965. Ku Zomba ndi kumene Mayi Rose Chibambo adatsekeredwa mu 1959 ali ndi khanda kumanja, limene adalitcha Gadi. Ndipo nanga Napolo amene adatsika phiri la Michesi mu Malichi 1991 nakokolola midzi ya ku Phalombe, kapena namondwe wa Freddy amene mu Malichi 2023 adakwirira mabanja ku Chilobwe ndi m'maboma a kumwera? Mwala wolembapo msinkhu umene madzi adafika ungathe kupulumutsa mdzukulu amene, patapita zaka 50, adzafuna kumanga nyumba m'khwawa lomwelo. Pakuti madzi saiwala khwawa, aiwala ndi anthu.

Chimene chimapha miyala

M'maulendo anga ndaona adani anayi a zikumbutso zathu. Woyamba ndi tchire ndi moto wolusa, pakuti ndidafikapo pa chipilala china chimene ndidachipeza pokhapokha mnyamata woweta mbuzi atandikankhira udzu ndi ndodo yake, zilembo zitadyedwa ndi ndere, simenti itang'ambika ndi muzu wa mtengo. Wachiwiri ndi umphawi wosanduka umbava, umene uzula mbale zamkuwa ndi kukazigulitsa kwa ogula zitsulo zakale, n'kusiya mabowo anayi a misomali pamene padali mbiri ya mtundu. Wachitatu ndi mpikisano wa ndale, umene ufuna kuti boma lililonse lisamale miyala yake yokha ndi kulekerera ya anzake. Koma mdani wachinayi, amene apambana onse chifukwa amagwira ntchito mwakachetechete, ndi chilankhulo. Mawu a mnyamata wa kabaza uja ali ndi chiweruzo chathu tonse: zolembazo n'zachingerezi. Chipilala chimene chilankhula kwa mlendo wa kamera, nichikhala duu kwa mayi amene amagulitsa usipa mumthunzi wake chaka chonse, chidamangidwa chofulatira eni ake.

Lamulo loteteza malo ndi zinthu zakale lilipo, ndipo nthambi ya boma yoyang'anira zipilala ndi nyumba zosungiramo mbiri ili ndi akatswiri odziwa ntchito yawo, amene afukula ngakhale likulu la a Kalonga ku Mankhamba kufupi ndi Mtakataka. Koma mutu umodzi susenza denga, ndipo ofesi ya kutali singalambule udzu pa chipilala chilichonse kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje. Chimene ndipempha sichifuna chuma chambiri. Chikwangwani chilichonse chilembedwe m'chilankhulo cha eni dera poyamba, Chiyao ku Mangochi, Chitonga ku Nkhata Bay, Chingonde ku Karonga, Chitumbuka ku Rumphi, Chisena ku Nsanje, Chilomwe ku Phalombe, kenaka Chichewa ndi Chingerezi. Mawu ake azokotedwe pamwala kapena pasimenti, zimene mbala ilibe nazo msika. Opanga misewu aike chizindikiro patali pang'ono chochenjeza woyendetsa kuti kutsogolo kuli malo a mbiri, ndi kusiya mpata woimikapo galimoto. Chipilala chilichonse chiperekedwe m'manja mwa nyakwawa ya pamalopo ndi sukulu yoyandikana nayo, kuti ana azichilambula, aphunzitsi aziphunzitsira pomwepo, ndipo mudzi uzichiyesa chake monga uyesa manda a makolo ake.

Koposa zonse, tifulumire kwa okalamba. Amene adaona ndi maso awo za pa doko la Nkhata Bay akalamba tsopano, ndipo amene adamva kulira kwa maliro a Vipya atsala owerengeka. Akulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo nalonso limauma. Lero mnyamata aliyense ali ndi foni yotha kujambula mawu. Akhale pansi ndi agogo ake, awafunse dzina la phiri, la dambo ndi la mphambano, ndi chimene chidachitika pamenepo, pakuti safunsa adadya phula. Mawu a pa chipilala cha mawa ali m'kamwa mwa nkhalamba ya lero, ndipo ikagona osafunsidwa, mwala umene tidzaimike udzakhala wopanda kanthu kolembapo.

Tsiku lija ku Mangochi tinaoloka mlatho dzuwa litapendeka, mdzukulu wanga akucheukira nsanja ija kufikira itabisika. Madzulo, titadya nsima ya chambo, ine nditakhala pakhonde ndi eni nyumba, ndinamva mawu ake kuseri kwa nkhokwe kumene ana anasonkhana pamwezi. Ankawasimbira za sitima imene idamira kumpoto, za mphepo ya mwera, ndi za anthu 145. Ndipo mmodzi wa anawo atafunsa kuti anthuwo anali ayani, iye anayankha kuti sakudziwa, koma adzafunsa. Mayi wokalamba wa pakhomopo, amene maso ake adayamba kale kuchita khungu, anatchera khutu, naimika mkono kuti tikhale chete, kenaka anaitana nati, "Tabwera kuno, mwanawe. Amalume anga adali m'sitima imeneyo." Ana onse anabwera nakhala pamphasa momuzungulira, ndipo iye anayamba ndi kutchula dzina.